Matabwa Odikira Madzi

Mwezi wathawu tinaika chiliza pamanda a atate anga, a Fakisoni Mbewe, patatha chaka chimwalirireni. Anthu anayamikira mwalawo, anadya, n'kubalalika. Tisanatsitse n'komwe tenti, mlongo wanga Mofati anandikokera kuseri kwa nyumba yathu ya ku Kabushi, komboni ya ku Ndola, n'kundilozera shedi imene atate ankapaliramo matabwa. Anati omanga wawapeza kale, akufuna aisandutse zipinda ziwiri za lendi, ndipo ayamba Lolemba linalo. Zitsulo apatsa ogula zitsulo zakutha, matabwa apatsa mayi wina wokazinga zitumbuwa pamsewu.

"A sisi, muli na wani wiki," anatero. "Vamene mufuna tengani. Vinangu ni vinyalala chabe."

Ndinapempha tchuthi kuntchito kwanga ku Kitwe. Sikuti ndimakonda nyundo ndi macheka ayi, koma ndinali ndi kanthu kamene kanandidya mumtima chaka chonse. Atate atamwalira, bokosi ndinasankha ndine. Ndinalowa m'sitolo ya zamaliro m'tauni ya Ndola n'kuloza loyera, lonyezimira, la zogwirira zooneka ngati golide. Kumaliro anthu ankanong'onezana kuti mwana wamkazi wa a Mbewe sanachititse manyazi, ndipo ndinamva kukoma, sindibisa. Koma powagoneka, atate anachepamo. Kumiyendo kunatsala malo aakulu, moti amayi a kumpingo anapindirapo zitenje ziwiri kuti thupi lisamayendeyende ponyamula. Munthu amene moyo wake wonse sanapangepo chitseko chosiya mpata, ife tinam'goneka m'bokosi losam'kwana. Ndiye ndinalumbira kuti m'shedimo simutuluka chinthu ndisanadziwe kuti n'chiyani.

Atate anali aafupi, a mapewa otambalala, pensulo ili pakhutu tsiku lililonse. Ngakhale Lamlungu, atavala jekete yawo ya ukulu wa mpingo, amayi ankachita kuwachotsa pensuloyo pageti. Akafika panyumba ya munthu, moni ankabwera pambuyo. Ankayamba ayendetsa chala m'mphepete mwa tebulo, n'kuligwedeza pang'ono, ndipo likagwedezeka nkhope yawo inkagwa ngati amva za matenda. Eni nyumba ena ankathamangira kuponderetsa kapepala kunsi kwa mwendo wa tebulo akangowaona akubwera poteropo.

Chimene ankadana nacho kuposa mowa ndi mzere wokhota. Ankanena kuti munthu wokhotetsa mzere pathabwa adzakhotetsanso nkhani pabwalo. Makope anga a kusukulu sankaona masamu ake, ankaona mizere imene ndalemba ndi lula, ndipo ukakhota ankandifufutitsa mpaka pepala kubooka. Ndinalira nazo kangapo. Mpaka lero ndikamasaina makalata ku ofesi ndimayamba ndawongola pepala.

Anachokera ku Dowa ali mnyamata, ataphunzira ukalipentala ku mishoni. Anagwira ntchito zaka zambiri kumgodi ku Kitwe, kuchigawo cha matabwa, ndipo atapuma anagula nyumbayi ku Ndola. Zaka zonsezo Chibemba chinawakana, kapena tinene kuti iwo ndiwo anachikana. Kumsika ankanenerera mtengo wa tomato m'Chichewa cha kwawo, wogulitsa n'kumayankha m'Chibemba, ndipo ankamvana bwinobwino. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa abwerera kumudzi. Sutikesi yake inakhala pamwamba pa wodilopu mpaka zipi inachita dzimbiri.

M'shedi ife ana sitinkalowamo. Ine ankati ndine mtsikana, zitsulo zindicheka. Mofati anayesedwa sabata imodzi, n'kuthyola mano a sowo, basi ukalipentala wake unathera pomwepo. Amayi atamwalira, atate anasamukira m'shedimo ndi mbale yawo yomwe. Ndinkabwera kumapeto kwa mwezi ndi shuga ndi sopo, n'kuima pakhomo. Ankandiyankha puleni ili m'manja, osaleka kupala, ndipo ine ndinkaona ngati ndikuwasokoneza. Ola limodzi likakwana ndinkayatsa galimoto. Tsiku lina, patatsala miyezi itatu kuti amwalire, anaika puleni pansi n'kundiyang'ana.

"Nambewe, talowa muno. Pali zoti ndikuonetse."

Ndinayang'ana wotchi. Kunali kukuda mitambo, ndipo msewu wa ku Kitwe ndi magalimoto akuluakulu aja suyendeka bwino mvula ikamagwa. Ndinati ndidzalowa ulendo wina. Anangoti chabwino, n'kutolanso puleni. Ulendo wotsatira sanazitchulenso, inenso sindinafunse. Kenako anagwa pakhomo la bafa m'mawa wina, ndipo sanayankhulenso mpaka tsiku lachitatu pamene anatisiya.

Choncho Lachiwiri la sabata imene Mofati anandipatsa ija, nditatsegula loko, kanali koyamba kuponda m'katimo. Fungo la utuchi ndi vanishi linandilandira ngati mwiniwake wangotuluka kumene. Chida chilichonse chinali pamsomali wake, ndipo pakhoma anajambulapo mthunzi wake ndi pensulo kuti chikachoka adziwe chasowa n'chiti. Nyundo ndinaidziwa, macheka, matchizulo, sikweya. Kupitirira apo ndinali mlendo. Panali kachitsulo ka zogwirira ziwiri ngati mahandulo a njinga, kampeni kali pakati. Panali kathabwa kobooka pakati, kamtengo katalowamo, kumapeto kwake kuli kamsomali kakuthwa. Panali china chonga pulayala koma chosaluma. Ndinazijambula pafoni n'kutumizira anzanga a kuntchito. Wina anati chonga pulayalacho n'chofulira ng'ombe, wina anati n'cha osoka nsapato, wachitatu anangotumiza kankhope koseka.

Zinthu ziwiri ndizo zinandiimitsa mutu. M'denga munali mtolo waukulu wa ndodo zopyapyala, zopalidwa bwino, zomangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga. Zinali zosiyana kutalika, iliyonse ili ndi kochekerera kamodzi, ndipo pa iliyonse panalembedwa dzina la munthu ndi mudzi wa ku Malawi kapena wa ku Chipata. Mofati anati n'zoimikira tomato. Chachiwiri chinali kuseri kwa chitseko: matabwa a mlombwa, umene kuno timati mukwa, oimikidwa kukhoma, okutidwa ndi masaka. Nditasuzumira ndinaona kuti awiri aatali anali ochekedwachekedwa pamalo amodzi, mizere isanu ndi umodzi yoyandikana, yosafika kuseri. Ndinaganiza kuti ukalamba unawalakwitsa, n'kuwabisa ndi manyazi.

Mayi oyandikana nafe nyumba, amene timawatcha Bana Mwape, anandipeza nditakhala pachitsa ndili ndi kathabwa kamsomali kaja m'manja. Anati ndisavutike ndi foni, munthu wodziwa zimenezi watsala mmodzi, ndiye a Tembo.

Dzina limenelo kwathu silinkatchulidwa. A Tembo anali Mkatolika wa ku Katete, mnzawo wa atate kuyambira kumgodi. Atapuma ntchito ankagwirira limodzi m'shedi yomweyi, ndipo tsiku lonse ankakangana za ubatizo wa ana ndi za Mariya, kwinaku wina atagwira thabwa wina akucheka. Ankapanga mipando, zitseko, mabedi. Koma kukagwa maliro pakati pa anthu a kwathu, zonse zinkaima, iwo n'kupanga bokosi. Ndimakumbukira kuti masiku otero amayi ankateleka ketulo yaikulu pambaula, a Tembo n'kubwera kudzaitenga ikubwadamuka, koma tiyi wake sitinkamuona.

Anasiyana m'zaka zija imfa inachuluka m'makomboni, pamene maliro ankachita kudikirana pageti la manda. A Tembo anati azipangiratu mabokosi, aakulu, apakati ndi aang'ono, n'kuwaika pamsewu kuti oferedwa asamadikire masiku awiri. Atate anakana kwamtuwagalu. Ankati bokosi salipangira munthu amene akupumabe, kumeneko n'kumuitanira imfa, komanso munthu wakufa si malaya kuti akhale ndi masaizi atatu. A Tembo anawayankha kuti mwambo wawowo ukununkhitsa mitembo m'nyumba za anthu osauka. Atate anawatcha wamalonda a misozi. M'mawa mwake a Tembo anabwera ndi wilibala, n'kutenga zida zawo. Panadutsa zaka zoposa makumi awiri akukhala m'komboni imodzi, akakumana panjira aliyense n'kumayang'ana nsapato zake. Ine ndikaganiza lero ndimaona kuti onse awiri ankanena zoona, koma panalibe wofuna kutsitsa khosi. Kuyambira pamenepo ketulo ija sinatelekedwenso, ndipo mabokosi ochepa amene atate anapanga okha anali owongoka mbali zonse ngati sutikesi.

Ndinawapeza a Tembo Lachinayi, kwa mwana wawo wamkazi, atakhala pampando panja, maso atachita mtambo. Nditadzitchula anatembenuzira khutu kwa ine.

"Ndiwe Nambewe? Nimvela mau chabe, maso yanasila. Atate ako munaika bwino?"

Ndinati tinaika bwino.

"Ine n'namvela pambuyo pa wani wiki, ku anthu a pamsika. Palibe anabwela kuniuza."

Uthenga wa maliro tinautumiza pafoni, m'magulu a kumpingo ndi a pachibale, ndipo tinkaona ngati dziko lonse lamva. Palibe anaganiza zotuma munthu wa miyendo kwa nkhalamba yosaona, yopanda foni, monga ankachitira makolo. Ndinapepesa. Anangokweza dzanja, n'kufunsa ngati ndabwera ndi galimoto.

Atafika pakhomo la shedi anaima, n'kukoka mpweya ndi mphuno. Kenako analowa okha osagwiridwa dzanja, anapewa mwendo wa benchi umene ine ndinapunthwapo kawiri, n'kukhala pachitsa chimene ndikukhulupirira kuti chinali chawo kale. Ndinayamba kuwapatsa zida chimodzichimodzi. Sankafulumira. Chilichonse ankachitembenuza m'manja, n'kuchiyeza kulemera, china mpaka kuchinunkhiza.

Cha mahandulo a njinga chija anati n'chopalira miyendo yozungulira ya mipando, pamene puleni singadutse. Kathabwa kamsomali anati ndi geji, yolembera mzere wowongoka m'mbali mwa thabwa, ndipo anandionetsa pabenchi mmene imayendera. Nditawauza kuti chonga pulayala ena akuti n'chofulira ng'ombe, anaseka mpaka kutsokomola.

"Ng'ombe yakuti mu Kabushi? Ichi n'chopindila mano ya sowo, limodzi uku, limodzi uku, kuti isamagwile mu thabwa. Ndipo n'changa ichi. Mbewe anabweleka, sanabweze. Mkulu wa mpingo wakuba."

Ananena akumwetulira, koma chidacho sanachibwezerenso pabenchi. Anachigwira pamiyendo mpaka kumapeto.

Nditatsitsa mtolo wa ndodo, kumwetulira kunatha. Anayendetsa chala pa imodzi kuchokera kumutu mpaka pochekerera paja, n'kundiuza kuti ndiwerenge dzina. Ndinawerenga. Anati ameneyo anali wophika kukantini ya kumgodi, wamtali, wokonda kuimba. Ndinawerenga ina, anati mayi ameneyo anamwalira pobereka. Pamenepo ndi pomwe anandifotokozera. Atate sankayeza maliro ndi tepi, ankati tepi ndi ya matebulo. Ankapita okha kunyumba ya maliro ndi ndodo yatsopano, n'kugwada, kuidula molingana ndi msinkhu wa womwalirayo, n'kuchekerera pamene pakuthera mapewa. Bokosi likatha, ndodoyo sankaitaya. Ankati anthu awa agona kutali ndi kwawo, mitanda ya pamanda chiswe chidya, zikwangwani akuba azula, ndiye pakhale penapake pamene dzina ndi mudzi zasungidwa.

Apo ndinakumbukira chinthu chimene ndinaona ndili wamng'ono osachimvetsa. Kunabwera mayi wina wochokera ku Ntcheu, atavala nsapato zofumbira, thumba lili pamutu. Anakhala m'shedi ndi atate nthawi yaitali, kenako anatuluka akulira, atakumbatira ndodo ngati khanda. Ndinafunsa a Tembo ngati akumukumbukira. Anati ndithu. Bambo ake anali mtchona, anachoka kumudzi mayiyo ali m'mimba, osabwereranso. Iye atakula anagulitsa mbuzi n'kubwera kudzawafuna. Anayenda ku Kitwe konse, anthu n'kumulozera kumanda, koma manda ake sanapezeke, udzu ndi manda atsopano zinali zitakwirira. Wina anamutumiza kwa atate. Iwo anafunsa dzina ndi mudzi, anakwera pabenchi, n'kusolola ndodo imodzi. Anamuuza kuti aime chilili, n'kuimika ndodoyo pambali pake. Inalekeza pamutu pake ndendende. Anamuuza kuti bambo ake anali otalika chomwechi, ndipo watengera iwo. Mayiyo anapita nayo kwawo, akuti anakaiika m'manda a makolo. Atate anam'perekeza mpaka pokwerera basi, ndipo tsiku limenelo sanagwirenso ntchito.

Dzuwa linali litapendeka pamene ndinakumbukira matabwa a kuseri kwa chitseko. Ndinawauza a Tembo kuti awo asavutike nawo, ndi olakwika, atate anawawononga ndi sowo. Anati Mbewe sanawonongepo mukwa, ndiwabweretsere. Ndinamasula masaka, n'kugoneka limodzi lalitali pamiyendo pawo. Manja awo anayenda pang'onopang'ono mpaka anafika pamizere ija. Anaiwerenga ndi chikhadabo, kubwereza kawiri.

"Yalipo yawili yotele?"

"Alipo awiri, atate."

"Sakila bwino mu masaka. Payenela kunkhala ndodo."

Inalipo, yomangiriridwa kuthabwa la pansi. Yaifupi, yochekerera patali chifukwa cha mapewa aja. Zilembo zake zinali zija zinkandifufutitsa makope: Fakisoni Mbewe, ndi dzina la mudzi wawo ku Dowa.

A Tembo anandiuza kuti matabwawo ndi mbali za bokosi la mapewa, la kalekale lija lotambalala pachifuwa n'kuchepa kumiyendo. Mizereyo amacheka dala kuti thabwa lipindike pamapewa osathyoka. Koma silipindika louma. Mmodzi amathira madzi owira pamizerepo pang'onopang'ono, wina n'kumakankha ndi bondo, kumvetsera thabwa likamalira kuti aleke. Ndiyo inali ntchito ya ketulo ya amayi. Atate ankathira, a Tembo ankapinda. Chivundikiro chinalipo, pansi pake panalipo, zonse zopalidwa mpaka kusalala. Chinatsala n'kupinda basi.

"Mu Ndola yonse, wotsala wodziwa kupinda mukwa ni ndani? Nine chabe. Anadziwa kuti mafana a manje sangakwanitse. Anasiyila ine."

Anapukuta kumaso ndi chipewa. Kenako anayankhula ngati atate ali pabenchi pomwepo.

"Mbewe, iwe unanitukwana pa anthu kuti bokosi sapangila munthu wamoyo. Manje ichi n'chani? Unakangiwa chabe kubwela kuniuza? Maso nilibe, koma bondo ilipo. Sembe n'napinda."

Ine ndinakhala pansi pautuchi, ndodo ili m'manja. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira tsiku la maliro. Munthu amene anataya mnzake chifukwa cha lamulo limenelo analiphwanya yekha mwakachetechete, poona kuti palibenso amene adzabwere ndi ndodo kudzagwada pambali pake. Anandiitana kamodzi kuti andionetse, ine n'kuyang'ana wotchi. Mawu a akulu akoma akagonera, koma awa anagonera mpaka mwiniwake tinamukwirira m'bokosi la eni.

Ndinawapempha a Tembo kuti atenge matabwawo. Anakana, anati iwo ndi aatali, sangakwanemo, ndipo bokosi la munthu ndi la munthuyo. Anangotenga chopindira mano chija. Mtolo wa ndodo ndinaupereka kumpingo, ndipo Lamlungu anawerenga maina onse pambuyo pa mapemphero. Mabanja atatu anabwera kudzatenga zawo. Zotsalazo palibe anazidziwa, zili m'kabati ya kuvesitili, kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Zida ndinaziika m'makatoni awiri, Mofati akung'ung'udza, ndipo pamodzi ndi matabwa aja zili m'galaja kwanga ku Nkana West, ku Kitwe. Sindikudziwa chimene ndidzachite nazo.

Lamlungu lomwelo masana ndinabwerera kukasesa. Shedi ikakhala yopanda kanthu imachepa. Benchi inasiya mabowo anayi pansi pamene miyendo yake inadya simenti. Pakhoma patsala misomali ndi mithunzi ya zida yojambulidwa ndi pensulo, sowo, sikweya, geji, uliwonse wowongoka ngati wosindikiza. M'denga mwatsala kachidutswa ka mphira kakulendewera. Chitsa cha a Tembo ndinachisiya, sindinadziwe kochipititsa.

Potuluka ndinakankha chitseko kuti ndisese kuseri kwake, pamene panaima matabwa aja. Pakhomapo, pofika m'chibwano changa, pali kamzere kamodzi ka pensulo. Ndinatenga ndodo ya atate m'galimoto n'kuiimika pamenepo, ndipo inalekeza pakamzereko. Ndiye kuti atate anaima chotsamira khoma, n'kudzilemba okha pamwamba pa mutu, dzanja litapotokera kumbuyo, popanda wowagwirira pensulo. Kamzereko n'kokhota. Kanayamba bwino, kenako kanatsetsereka kumanzere, ndipo sanakafufute.

Omanga anafika m'mawa mwake ndi matumba a simenti.